Magazi ayezedwa, nanga mwana? Amayi onyamula matenda akumtundu ndi chisankho chobereka

Mu 2004 boma la Saudi Arabia linalamula kuti aliyense wofuna kulowa m'banja ayambe wayezetsa magazi, aone ngati wanyamula sickle cell kapena thalassaemia, matenda a magazi otengera kwa makolo. Akuluakulu a zaumoyo ankayembekezera kuti mwamuna ndi mkazi akauzidwa kuti onse awiri anyamula, ndipo mwana wawo akhoza kubadwa wodwala, chibwenzi chithera pomwepo. Sizinatero. M'zaka zoyambirira, mwa mabanja 10 alionse amene anauzidwa zimenezi, pafupifupi 9 anakwatiranabe. Ku Cyprus nakonso anthu amayezetsa asanamange banja: kuyambira mu 1983 tchalitchi cha Orthodox chimafuna kalata yosonyeza kuti awiriwo anayezetsa thalassaemia chisanadalitse ukwati. Kumenekonso ambiri amakwatiranabe, koma mkazi akaima amayezetsa mwana ali m'mimba, ndipo ana obadwa ndi matendawa anachepa mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Kayezedwe n'kofanana, nambala imene dokotala amatchula ndi yomweyo, koma zimene anthu anachita nayo nambalayo zinasiyana kutalitali.

Labotale imatha kuuza mayi chimene chili m'magazi mwake. Choti achite nacho imamusiyira yekha, ndipo amene amaganiza kuti mayi akangodziwa ndiye kuti asankha njira imene dokotala kapena boma likufuna, nthawi zambiri amadabwa.

Tiyambe ndi kunyamulako. M'maselo a thupi muli makromosomu 46, ndipo 23 amachokera kwa mayi, 23 kwa bambo. M'makromosomumo ndi mmene muli majini (osati majini a mizimu aja, awa ndi malangizo a mmene thupi liyenera kupangikira ndi kugwirira ntchito). Popeza majini ambiri timakhala nawo awiriawiri, imodzi ikakhala ndi vuto inzake imatha kugwira ntchito yokha, munthu n'kukhala bwinobwino moyo wake wonse osadziwa kanthu. Ameneyu ndiye wonyamula. Mu sickle cell, thalassaemia, cystic fibrosis (matenda oononga mapapo) ndi Tay-Sachs (matenda oononga ubongo wa ana), mwana amadwala pokhapokha atalandira jini yavuto kwa makolo onse awiri. Onyamula awiri akakumana, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi pa 4 woti mwana adwala, iwiri pa 4 woti anyamula ngati makolo ake, ndi umodzi pa 4 woti satenga chilichonse.

Mawu akuti "pa mimba iliyonse" ndi amene amasokoneza anthu ambiri, ophunzira omwe. Mayi amene wabereka mwana wodwala amatha kuganiza kuti gawo la tsoka latha, atatu otsatira abadwa bwino. Majini sasunga kaundula wa ana amene anabadwa kale. Mimba iliyonse imayambira pa chiyambi, n'chifukwa chake banja lina limabereka ana atatu odwala motsatizana pamene lina la onyamula okhaokha limabereka asanu popanda wodwala ndi mmodzi yemwe.

Pali matenda ena amene jini imodzi yokha yavuto ndi yokwanira kuwayambitsa, monga Huntington, matenda oononga ubongo, ndi majini a BRCA1 ndi BRCA2 amene amakweza kwambiri chiopsezo cha khansa ya m'mawere ndi ya m'timatumba ta mazira. Apa mwana aliyense ali ndi mwayi umodzi pa iwiri wotengera. Koma gulu limene limaika katundu yense pamutu pa mkazi ndi la matenda oyenda pa kromosomu X.

Mkazi ali ndi X ziwiri, mwamuna ali ndi X imodzi ndi Y. Mwana wamwamuna X yake amaitenga kwa mayi ake basi. Ikakhala ndi vuto alibe ina yomuthandiza, ndiye amadwala. Umu ndi mmene haemophilia imayendera, matenda amene magazi sagwirana msanga, omwe mtundu wake wofala umapezeka mwa mnyamata mmodzi pa 5,000 alionse obadwa. Ndi mmenenso Duchenne imayendera, matenda ofooketsa minofu amene amayamba kuonekera mwana ali ndi zaka zitatu kapena zinayi, n'kumulanda miyendo akamafika zaka 12. Kwa mayi wonyamula, mwana wamwamuna aliyense ali ndi mwayi umodzi pa iwiri wodwala, wamkazi aliyense mwayi umodzi pa iwiri wonyamula. Bambo wa haemophilia sapatsira ana ake aamuna, koma ana ake aakazi onse amanyamula. Mukafufuza mbiri ya banja lotere mupeza kuti odwala ndi alongo ake a mayiyo, amalume ake, ana aamuna a amayi ake aang'ono. Matenda amaoneka mwa amuna, koma njira yake imadutsa mwa akazi, ndipo chala chimaloza iwowo.

Mfumukazi Victoria ya ku Britain inali yonyamula haemophilia. Mwana wake Leopold anamwalira mu 1884 ali ndi zaka 30 atagwa ku Cannes, m'dziko la France, ndipo ana aakazi awiri a mfumukaziyo, Alice ndi Beatrice, anapititsa matendawa ku mabanja achifumu a Russia, Spain ndi Germany. Mu 2009 asayansi atayeza mafupa a banja la mfumu yomaliza ya Russia anapeza kuti inali haemophilia B. Makolo a Victoria analibe mbiri yodziwika ya matendawa, ndipo izi si zachilendo: pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu a haemophilia amabadwira m'banja limene silinaonepo matendawa, chifukwa jini imatha kusintha yokha. Chakudza sichiimba ng'oma. Mu Duchenne namonso, pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu a ana odwala sapezeka kuti ndi wonyamula akayezedwa magazi, ngakhale kuti ena mwa iwo vutolo limabisala m'mazira awo ena, moti mimba yotsatira imakhalabe ndi chiopsezo ndithu, chochepa koma chenicheni.

Kwa zaka zambiri mabuku a zachipatala ankalemba ngati wonyamula ndi chotengera chabe, munthu wathanzi amene nkhani yake imayamba akafuna mwana. Izi si zoona. Mu 1961 Mary Lyon anafotokoza kuti mu selo lililonse la mkazi, X imodzi imazimitsidwa, ndipo imene izime siisankhidwa mwadongosolo. Mkazi amene X yake yabwino yazima m'maselo ambiri amadwala nayenso. Onyamula haemophilia ambiri amataya magazi ochuluka posamba, pochotsa dzino ndi pobereka, ndipo ena akhala zaka akuuzidwa kuti akukokomeza. Mu 2021 akatswiri a matenda a magazi anagwirizana kuti mkazi amene mapuloteni ake ogwiranitsa magazi ali pansi pa 40 pa 100 a mlingo woyenera azitchedwa wodwala haemophilia, asamangotchedwa wonyamula. Onyamula Duchenne ena mtima wawo umafooka ndipo amafunika kuunikidwa nthawi ndi nthawi. Mu fragile X, matenda amene amachedwetsa kaganizidwe ndi kaphunziridwe ka mwana, pafupifupi mkazi mmodzi mwa asanu onyamula amasiya kusamba asanakwanitse zaka 40. Taganizani mmene zimakhalira: akuuzidwa kuti aganize mofatsa za kubereka, thupi lake likumuuza kuti afulumire. Wonyamula BRCA1 naye amalangizidwa kuchotsa timatumba ta mazira ali ndi zaka 35 mpaka 40, ndiye funso la ana ndi funso la moyo wake zimafika tsiku limodzi.

Njira zimene zilipo

Mayi wodziwa kuti wanyamula ali ndi njira zingapo, ngakhale kuti si onse amene angazifikire. Akhoza kutenga mimba osayezetsa, n'kulandira mwana amene wabwera. Akhoza kusabereka, kulera mwana wa wina, kapena kugwiritsa ntchito dzira kapena umuna wa munthu wina kumene zimenezi zimatheka. Pakati pa izi pali kuyeza.

Kuyeza mwana ali m'mimba kuli pawiri. Pa masabata 11 mpaka 14 dokotala amatha kutapa kachidutswa ka nsengwa, kumene kumatchedwa CVS. Kuyambira pa masabata 15 amatha kulowetsa singano n'kutapa madzi amene mwana amakhalamo, kumene kumatchedwa amniocentesis. Njira ziwirizi zimapereka yankho lodalirika, koma zili ndi chiopsezo chopititsa padera, pafupifupi mimba imodzi pa 200 kapena kucheperapo. Mu 1997 Dennis Lo ndi anzake anapeza kuti tizidutswa ta DNA ya mwana timayenda m'magazi a mayi, ndipo lero n'zotheka kudziwa ngati mwana ndi wamwamuna kapena wamkazi mimba ili ndi masabata 9 okha, pongotenga magazi pamkono. Kwa wonyamula matenda a X izi zinapeputsa zinthu: akakhala wamkazi, singano ija nthawi zambiri siifunikanso.

Koma yankho likabwera loipa, zitseko zimakhala ziwiri zokha, kusunga mimba kapena kuichotsa. Ndiye amayi ambiri amakhala miyezi itatu kapena inayi ali ndi mimba imene akuopa kuikonda. Sauza abale, saganiza za dzina, ena amayesetsa kusamvera mwana akamagunda. Amene anadutsamo kangapo amanena kuti kudikirako n'kumene kumapweteka kuposa singano.

Njira ina inayamba mu 1990 pa chipatala cha Hammersmith ku London, pamene Alan Handyside ndi Robert Winston anayeza miluza isanaikidwe m'chiberekero. Mazira ndi umuna zimakumanitsidwa mu labotale monga zimachitikira mu IVF, njira yothandizira osabereka, kenako pa mluza uliwonse amatapapo maselo ochepa n'kuwayeza, ndipo umene ulibe matendawo ndi umene umaikidwa. Mabanja oyambirirawo anali a matenda a X, ndipo anasankha miluza yaikazi. Akafunsidwa, onyamula ambiri amati njira iyi ndi imene mtima wawo ungailandire, chifukwa palibe mimba yochotsa. Amene amaigwiritsadi ntchito ndi ochepa. Imadula kwambiri, imafuna jekeseni za tsiku ndi tsiku ndi kutapa mazira, siilonjeza mimba, ndipo ulendo wina miluza yonse imapezeka ndi vuto. Palinso chinthu china chimene sichinenedwa kawirikawiri: mkazi amene thupi lake limatenga mimba mosavuta amasanduka wodwala wa ku kiliniki ya osabereka, ndipo kwa ena zimenezi n'zovuta kuzimeza.

Chimene chimalemera pa sikelo

Chinthu chachikulu chimene chimaumba chisankho cha mayi ndi zimene anaona ndi maso ake. Mtsikana amene anakula akunyamula mlongo wake wa Duchenne kupita naye kubafa, akumva makina opumira usiku, n'kudzamuika m'manda ali mnyamata, safunika kumufotokozera tanthauzo la mwayi umodzi pa iwiri. Ambiri otere amafuna kuyezetsa msanga ndipo amanena mosabisa kuti sangabwerezenso zimene makolo awo anadutsamo. Koma wina wa m'nyumba yomweyo amaona zosiyana. Iye amakumbukira nthabwala za mlongo wakeyo, nzeru zake, mmene ankakondera moyo, ndipo kuchotsa mimba chifukwa cha matenda omwewo kumamveka ngati kunena kuti mlongo wakeyo sanayenere kubadwa. Mwana wamkazi wa bambo wa haemophilia amakumana ndi funso lomwelo: bambo anga akanayezedwa ali m'mimba, ine ndikanakhalapo? Anthu omenyera ufulu wa aulumali, monga Adrienne Asch wa ku America amene anali wosaona, akhala akunena kuti kuyeza kotere kumatenga chizindikiro chimodzi cha mwana n'kuchiyesa mwana yense. Simufunika kugwirizana nawo pa zonse kuti muone kuti amayi ambiri amalimbana ndi ganizo limeneli mumtima, ngakhale amene pomaliza amasankha kuchotsa.

Chachiwiri ndi mankhwala, ndipo apa nthawi ndi malo zimasintha zonse. Mayi amene anaona amalume ake m'zaka za m'ma 1980 akupatsidwa mankhwala opangidwa ku magazi oipitsidwa ali ndi chithunzi chake cha haemophilia. Ku Britain kokha anthu oposa 30,000 anatenga HIV kapena hepatitis C kudzera m'magazi ndi m'mankhwala otere, malinga ndi lipoti la kafukufuku wa boma la mu 2024. Lero mnyamata wobadwira m'dziko limene emicizumab imapezeka, mankhwala amene anavomerezedwa mu 2017 ndipo amabayidwa pansi pa khungu, amatha kukula mafupa ake osaonongeka. M'mayiko otere onyamula ambiri amayezetsabe mwana ali m'mimba, koma cholinga chimakhala kukonzekera: kuberekera pa chipatala chokhala ndi mankhwala, kupewa zipangizo zokokera mwana zimene zingamuchititse kukha magazi m'mutu, ndi kuteteza mayiyo kuti asataye magazi ambiri. Pomwe bungwe la World Federation of Hemophilia lakhala likunena kuti odwala ambiri padziko, pafupifupi 3 pa 4 alionse, salandira chithandizo chokwanira. Kwa mayi wa kumalo otere, dzina la matenda ndi lomwelo koma moyo umene mwana wake adzakhale ndi wina.

Sickle cell ndi chimodzimodzi. Ana oposa 300,000 amabadwa nayo chaka chilichonse, ambiri ku Nigeria, Democratic Republic of Congo ndi India. Kumene ana amayezedwa atangobadwa n'kupatsidwa penicillin, katemera ndi mankhwala otchedwa hydroxyurea, pafupifupi onse amafika pa ukulu. Kumene izi kulibe, ambiri amamwalira asanakwanitse zaka 5, nthawi zina asanadziwike n'komwe chimene akudwala. Kumapeto kwa 2023 Britain ndi America zinavomereza Casgevy, chithandizo chokonza majini a wodwala, koma mtengo wake ndi zipatala zimene chimafuna zimachiika kutali ndi pafupifupi onse amene akuchifuna. Komabe nkhani za chithandizo chatsopano zimafika m'makutu mwa mayi woyembekezera, ndipo zimalemera pa sikelo yake. Sickle cell ili ndi vuto linanso: kuyeza kumanena kuti mwana ali nayo, sikunena kuti idzamuzunza motani. Wina amagonekedwa kangapo pa chaka, wina amatha zaka osagona m'chipatala. Mayi amasankha asakudziwa kuti mwana wake ndi uti mwa awiriwa.

Chipembedzo ndi malamulo zimalowapo, koma osati mophweka monga ena amaganizira. Mpingo wa Katolika umakana kuchotsa mimba ndiponso IVF. Mu Chisilamu, bungwe la akatswiri a malamulo achipembedzo limene linakumana ku Mecca mu 1990 linalola kuchotsa mimba isanakwane masiku 120 ngati madokotala atsimikiza kuti mwana ali ndi vuto lalikulu losachiritsika, ndipo ichi n'chifukwa chake kwa amayi ambiri achisilamu kuyeza msanga n'kofunika kwambiri: yankho lobwera mochedwa ndi yankho lopanda ntchito. M'mayiko ena kuyeza kumaloledwa koma kuchotsa mimba pa chifukwa chotere n'koletsedwa, ndiye mayi amapatsidwa uthenga popanda khomo lotulukira, kupatula amene ali ndi ndalama zowolokera malire. Ndipo m'chipembedzo chilichonse muli amayi opemphera kwambiri amene anachotsa mwakachetechete, ndi ena osapemphera amene sanaganizeko n'komwe zochotsa.

Amene safuna kudziwa

Jini ya Huntington isanapezeke mu 1993, anthu ambiri a m'mabanja odwala akafunsidwa ankati kuyeza kukadzabwera adzayezetsa. Kutabwera, amene anayezetsa sanafike mmodzi pa asanu m'mayiko ambiri. Matendawa amayamba munthu ali ndi zaka za m'ma 30 kapena 40, amaononga ubongo pang'onopang'ono, ndipo alibe mankhwala ochiza. Kudziwa kumatanthauza kukhala zaka 20 ukuyang'anitsitsa dzanja lako kuti layamba kunjenjemera kapena ayi. Kwa mayi woyembekezera pali msampha wina: akayezetsa mwana n'kupezeka nayo, ndiye kuti iyenso ali nayo, ngakhale sanafune kudziwa. Madokotala anachita kupanga njira yapadera yoyeza ngati mwana watenga kromosomu yochokera kwa agogo odwalawo kapena ayi, popanda kuulula za mayiyo, koma mtengo wake ndi wakuti mimba ina imene ingachotsedwe motere imakhala ya mwana wopanda vuto.

Ine sindiona kukana kuyezetsa kotere ngati umbuli kapena mantha chabe. Nthawi zambiri ndi munthu amene wawerengera bwino kulemera kwa chimene adzasenze, n'kuona kuti sichimuthandiza. Uphungu wa za majini, umene dzina lake linayambitsidwa ndi Sheldon Reed mu 1947, unakhazikika pa mfundo yakuti mlangizi afotokoze koma asasankhire munthu, ndipo mfundoyi inabadwa chifukwa cha manyazi a zaka zimene maboma a America, Germany, Sweden ndi ena ankatseka anthu kubereka mokakamiza poti ali ndi "mbewu yoipa". Kunena zoona, kusasankhira munthu n'kosavuta papepala. Kanenedwe kokha kamakankha. "Mwayi umodzi pa 4 woti adwala" ndi "mwayi utatu pa 4 woti sadwala" ndi masamu amodzi, koma mayi amatuluka m'chipinda ndi mitima iwiri yosiyana. Ndipo mayi amene wakana kuyezetsa n'kubereka mwana wodwala amamva mafunso, kuchipatala ndi kunyumba komwe, amene mwamuna wake safunsidwa.

Chifukwa china chokanira ndi kuopa kusalidwa, ndipo mbiri imawaikira umboni. M'zaka za m'ma 1970 George Stamatoyannopoulos anafotokoza zimene zinachitika ku Orchomenos, mudzi wa ku Greece kumene anthu anayezedwa sickle cell ndi kulangizidwa. Atabwererako patapita zaka zingapo anapeza kuti onyamula ayamba kuonedwa ngati osayenera ukwati, mabanja akubisa zotsatira makamaka za ana aakazi, ndipo maukwati a onyamula okhaokha sanachepe. Ku America, nthawi yomweyo, kuyeza sickle cell kunachititsa kuti anthu akuda athanzi, ongonyamula chabe, amanidwe ntchito zina ndi inshuwalansi, ndipo lamulo loletsa tsankho lotengera majini pa ntchito ndi pa inshuwalansi ya zaumoyo linadzabwera mu 2008.

Ena anaphunzirapo kanthu. Iran itayamba kuyeza thalassaemia anthu asanakwatirane mu 1997, inakonza zoti mwamuna ndiye aziyamba kuyezedwa, mkazi aziyezedwa pokhapokha mwamunayo akaoneka kuti wanyamula, moti akazi ambiri onyamula dzina lawo silidetsedwa pachabe. Ku Brooklyn, mu mzinda wa New York, mtsogoleri wachipembedzo wa Ayuda, Rabbi Josef Ekstein, amene ana ake anayi anamwalira ndi Tay-Sachs, anayambitsa bungwe la Dor Yeshorim mu 1983. Achinyamata amayezedwa n'kupatsidwa nambala, osauzidwa zotsatira. Awiri akafuna kutomerana amapereka manambala awo, n'kungouzidwa ngati akuyenerana kapena ayi. Alipo amene amadandaula kuti njirayi imabisira munthu za thupi lake lomwe, ndipo dandaulolo lili ndi mutu, koma ana a Tay-Sachs anasiya kubadwa pafupifupi kotheratu pakati pa anthu amene amaitsatira.

Zotsatira za munthu mmodzi, magazi a banja lonse

Mayi akapezeka kuti wanyamula Duchenne, ndiye kuti azichemwali ake, amayi ake aang'ono ndi ana awo aakazi akhoza kukhala onyamulanso. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo majini sasamala kuti anthu anayambana liti. Ntchito youza abale nthawi zambiri imagwera mkazi yemweyo, pa nthawi imene akulira za mwana wake. Ena amauza tsiku lomwelo. Ena amadikira kuti mng'ono wawo athane ndi ukwati kaye, kapena abereke kaye, ndipo kudikirako kumatha kukhala kuchedwa. Agogo aakazi nawo amamva ngati akuzengedwa mlandu pa chinthu chimene sanachidziwe. Poti Duchenne imadziwika mwana ali ndi zaka zinayi kapena zisanu, si zachilendo kuti pofika tsikulo mayi ali kale ndi mwana wina wamwamuna kumsana kapena m'mimba.

Nkhani yotere inafika m'khoti lalikulu ku London. Bambo wina anapezeka ndi Huntington mu 2009 n'kukaniza madokotala kuuza mwana wake wamkazi, amene anali woyembekezera. Mayiyo anadzamva mwangozi atabereka kale, kenako anayezetsa n'kupezeka kuti nayenso ali ndi jiniyo. Anasumira azachipatala, ponena kuti akanadziwa akanachotsa mimbayo. Mu 2020 woweruza anagamula kuti madokotala ali ndi udindo woika pa sikelo chinsinsi cha wodwala ndi chiopsezo cha wachibale wake, koma kuti pa nkhaniyi sanalakwe. Mayiyo analuza mlandu, koma kuyambira pamenepo dokotala wa kumeneko sangangonena kuti "n'chinsinsi" osaganizira za wachibaleyo.

Palinso funso la mtsikana wamng'ono. Makolo amafuna kudziwa ngati mwana wawo wa zaka 6 wanyamula. Akatswiri ambiri amalangiza kudikira mpaka atakula n'kusankha yekha, popeza ndi nkhani ya kubereka kwake, kupatula pamene thanzi lake lili pa chiswe. Mtsikana wa m'banja la haemophilia ayenera kuyezedwa kagwiranidwe ka magazi ake asanayambe kusamba kapena asanachitidwe opaleshoni iliyonse. Vuto la kudikira ndi lakuti m'mabanja ambiri tsiku lokambirana silifika, ndipo mtsikanayo amadzamva nkhaniyi ku sikelo, ali ndi mimba ya miyezi inayi.

Mpaka posachedwapa, pafupifupi mayi aliyense wodziwa kuti wanyamula ankadziwa chifukwa m'banja munali wodwala. Izi zikusintha. Kuyeza kumodzi lero kumatha kufufuza majini mazana ambiri nthawi imodzi, ndipo tikafufuza mokwanira pafupifupi tonsefe timapezeka tanyamula kenakake. Australia inayesa izi pa ntchito yotchedwa Mackenzie's Mission, imene inayeza mabanja oposa 9,000 pa matenda oposa 700. Pafupifupi mabanja awiri pa 100 alionse anauzidwa kuti ali pa chiopsezo chachikulu chobereka mwana wodwala, ndipo kuyambira mu November 2023 boma la dzikolo limalipirira akazi kuyezetsa cystic fibrosis, spinal muscular atrophy (matenda ofooketsa minofu) ndi fragile X. Amayi awa alibe mlongo kapena malume woti amukumbukire. Amasankha pa matenda amene dzina lake alimva koyamba m'chipinda cha mlangizi, ndipo chithunzi chake amachipeza pa intaneti usiku womwewo. Mwa mabanja amene anapezeka pa chiopsezo mu kafukufuku uja, pafupifupi atatu pa anayi alionse anagwiritsa ntchito kapena anakonza zogwiritsa ntchito njira yopewera kubereka mwana wodwala. Otsalawo anamva nambala yomweyo ndipo sanatero.